Bambo Anga Anali Nyama Yachitatu

Bambo anga anasoka nsapato kwa zaka makumi anayi pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja, pakati pa sitolo ya mankhwala ndi chipinda chometeramo tsitsi. Koma anthu a m'tauni mwathu sankawatchula kuti osoka nsapato. Ankawatchula kuti a Wachitatu. Dzinali linachokera mu filimu ina yoopsa imene anaseweramo ine ndisanabadwe. Kumapeto kwa filimuyo, pamene amalemba mayina a osewera, iwo anawalemba kuti "Nyama Yachitatu". Dzina lawo lenileni analilemba molakwika, ndipo palibe amene analisamala.

Asanakhale osoka nsapato ankanyamula matabwa pamalo ena ogulitsira matabwa, kumtunda kwa msika. Mayi ankati nthawi imeneyo anali munthu wamtali, wopanda mafuta m'thupi, ndipo ankayenda ngati pansi pakutentha. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, mkazi, mwana mmodzi wamwamuna, ndi chipinda chimodzi cha lendi.

Tsiku lina kunabwera mkulu wina wojambula zithunzi za maukwati. Anthu ankamutchula kuti a Mwetulirani, chifukwa ndi mawu okhawo amene ankatuluka m'kamwa mwake akaima kumbuyo kwa kamera. Anali atagula kamera yakale ya kanema kwa munthu wina wosamuka, ndipo mutu wake unali utadzaza ndi filimu. Anabwera kudzafuna matabwa otsika mtengo omangira kanyumba konamizira. Akusankha matabwawo, ngolo yokankha pamanja imene inali yodzaza inapulumuka n'kuyamba kutsetsereka kulowera kumsika. Bambo anataya thabwa limene anali nalo paphewa, anaithamangira, anaigwira isanagunde amayi ogulitsa masamba. Atabwerera akupuma wefuwefu, a Mwetulirani anawagwira mkono.

"Achimwene, mumathamanga chonchi masiku onse, kapena n'chifukwa cha mantha?"

"Zonse ziwiri," anayankha bambo.

"Ndi munthu ngati inu amene ndikumufuna."

Filimuyo inkatchedwa Nyama Yolankhula. Nkhani yake inali yakuti munthu wina wolemera, amene anatopa ndi kusaka nyama za miyendo inayi, anaitana anthu asanu osowa ntchito kumunda kwake. Anawalonjeza ntchito, anawadyetsa bwino, kenako anawauza kuti athawire m'nkhalango, iye awatsata ndi agalu ndi mfuti. Amene adzafike kumsewu ali moyo, ntchito ndi yake.

Zonse zinali zongopempha. Wolemerayo anali mwini butchala wa pamsika, amene anasankhidwa chifukwa anali ndi mimba ndi majombo akeake. Mfuti inali paipi ya madzi yomangirira kuthabwa, ndipo anaisema ndi bambo omwewo. Magazi anali polishi wofiira wopaka pansi, wosungunula ndi madzi otentha. Agalu anali a apongozi ake a Mwetulirani, agalu awiri ofatsa ozolowera kugona pakhonde, moti kuti athamangitse munthu ankachita kumuikira mafupa m'thumba la buluku. Zochitika za mumdima ankazijambula masana dzuwa lili paliwombo, atatchinga diso la kamera ndi galasi lakuda. Nkhalango yake inali munda wa bulugamu kuseri kwa fakitale ya sopo.

Munthu wachitatu ankayenera kuthamanga mtunda wautali, kugwera m'dzenje la msampha, n'kuphedwera momwemo. Dzenjelo linali lakuya kupitirira msinkhu wa munthu, ndipo pansi pake ankayala matumba a utuchi. Dzulo lake la tsiku lojambula kunagwa mvula, wina anachotsamo matumba aja kuti aume, ndipo palibe amene anakumbukira kuwabwezera. Pamwamba anali atayala kale masamba. Bambo anathamanga monga anawauzira, anaponda pamasambapo, n'kugwera pamwala. Mwendo wakumanja unathyoka pamwamba pa kakolo, phazi n'kuyang'ana kumbali.

Analira. A Mwetulirani anaona zimene zachitika, koma sanazimitse kamera, chifukwa tepi imene inali m'katimo inali yomaliza. Anakodola mwini butchala uja kuti afike pamphepete pa dzenje anene mawu ake. Ananena, analoza paipi ija, wina anamenya chitini kumbuyo kuti kumveke ngati mfuti. Atatha zonsezo m'pamene anatsikiramo kukawatulutsa.

Kuchipatala anawamanga pulasitala, koma fupa linalumikizana mokhota. Mwendowo unafupika ndipo sunawongokenso.

Filimu inatuluka patapita miyezi isanu. Anaionetsa Loweruka masana mu holo ya kanema ya pafupi ndi siteshoni. Mayi anali ndi pakati pa ine. Nkhani ya tsikuli anandiuza kambirimbiri, nthawi zambiri akusita zovala, ndipo akafika pakati ankaiwala simbi pansalu. Ankati bambo anabwereka jekete, anapesa tsitsi kawiri, ndipo anakwera masitepe a holo ndi ndodo zawo osalola kuti munthu awagwire. Anakhala mzere wakumbuyo.

Poyamba anthu anali chete. Kuseka kunayamba pamene agalu anatulukira akugwedeza michira. Kunakula pamene wolemera uja ananena kuti mdima wagwira, pomwe chithunzithunzi chake chinali kuonekera bwinobwino pansi pa mapazi ake ndipo utsi wa fakitale ya sopo unali kukwera kumbuyo. Kenako inafika mbali ya bambo. Mawu ndi zithunzi sizinkayendera limodzi mu filimu imeneyo, mawu ankatsalira. Ndiye anthu anaona munthu ali m'dzenje atayasama kukamwa popanda phokoso lililonse. Chithunzi chinasintha n'kuonetsa galu atakhala pamphepete pa dzenje akudzikanda khutu ndi mwendo. Apo m'pamene mawu a bambo anatuluka: "Mayo ine, mwendo wanga! Mwendo wanga!"

Holo yonse inagwa nako kuseka. Ena ankamenya mipando. Wina anakuwa kuti, "Galuyo apite naye kuchipatala!" Wina anati, "Abwezereni pomwepo tionenso!" Mayi anaimirira, ananyamula ndodo za bambo n'kuwapatsa.

"Tiyeni."

"Siinathe," anatero bambo.

"Kwa ife yatha. Tiyeni."

Basi inachedwa, choncho anali akadali pamalo odikirira pamene anthu anatuluka mu holo. Anawazungulira osadziwa kuti ndi iwo. Mayi wina ankati filimuyo ndi yamwano, munthu sangasake mnzake ngati gwape, ndipo aboma ailetse. Bambo wina wovala tayi ankati nkhani yake ndi yanzeru ndithu, olemera amatisaka tsiku ndi tsiku, koma osewera ake ndi amene aipha. Anyamata awiri ankatsutsana kuti woipitsitsa ndani pakati pa mwini butchala ndi munthu wa m'dzenje uja. Mmodzi anati, "Wachitatu uja ndiye wanyanya. Munthu wothyoka mwendo salira choncho. Anachita kuonekeratu kuti akunamizira." Bambo anamva zonsezo ataweramitsa mutu, akuyang'ana nsonga za ndodo zawo. Kenako wina anawazindikira, anagwira mnzake paphewa, ndipo dzina linayambira pomwepo.

Kumatabwa anawauza kuti munthu wotsimphina sanganyamule thabwa. A Mwetulirani anabwera kunyumba kamodzi kokha, ndi malalanje asanu ndi limodzi m'pepala. Anati filimu yachiwiri ikubwera ndipo mudzakhala malo a munthu wolumala. Mayi anawatsegulira chitseko kuti atuluke. Chaka chisanathe a Mwetulirani anatseka situdiyo yawo n'kusamukira kutauni ina, ndipo tinadzamva patapita zaka kuti anamwalira.

Mkulu wina wosoka nsapato pansi pa masitepe aja anawamvera chisoni bambo n'kuwaphunzitsa ntchito. Mkuluyo atamwalira, bambo anatsala pamalopo ndi benchi, nyundo, chitsulo chokhomerapo, singano zikuluzikulu ndi chitini cha guluu. Panali pothina moti akatambasula mwendo wodwalawo, phazi linkatulukira panjira. Fungo la guluu linawalowa m'khungu. Ndili mwana ndinkaganiza kuti abambo onse amanunkhira choncho.

Filimu ija sinafe. Wina anaikopera pa matepi a vidiyo, ndipo inayamba kuzungulira m'tizipinda toonetsera mafilimu m'misika. M'badwo uliwonse unkaipeza mwatsopano. Munthu ankatha kudutsa pamasitepe paja, kuuwa ngati galu, n'kukuwa kuti "Mwendo wanga!" kenako n'kupitirira ulendo wake. Ena ankachita zimenezi atabweretsa nsapato kuti awasokere. Bambo sankayankha. Ankangotembenuza nsapato, kuyang'ana chidendene, n'kunena tsiku lodzatenga.

Achimwene anga ndi amene zinawapweteka kwambiri. Kusukulu ankawatchula kuti Kamwana ka Galu. Ankabwera kunyumba malaya atang'ambika, milomo itatupa. Tsiku lina, ali ndi zaka khumi ndi zisanu, anakana kukawaperekera bambo chakudya kumasitepe.

"Sindipitako. Anzanga amadutsa kumeneko."

Mayi anaika mbale patebulo mwamphamvu. "Mako ndi mako angachepe mwendo. Sunamvepo zimenezo?"

"Amenewo ndi mako," anatero bambo ali pakhomo, chifukwa tsikulo anali atabwerera kudzatenga ulusi. "Za bambo mwambiwo sunanene. Musiyeni mwana." Anatenga mbale ija okha n'kutuluka.

Achimwene atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anapeza ntchito pa kampani yomanga misewu, anapita kutali, ndipo ankabwera kamodzi pa zaka zitatu kapena zinayi. Akabwera ankakhala m'nyumba, kumasitepe osapondako.

Mayi sanaikhululukire filimuyo mpaka imfa yawo. Ankati anthu akudya mwendo wa mwamuna wawo mpaka lero ndipo sakukhuta. M'nyumba mwathu sinkatchulidwa dzina, inkangotchedwa "zija". Ine ndinakula osaionera. Bambo okha ndi amene sanainyozepo. Mayi akayamba kutukwana a Mwetulirani, iwo ankadikira kuti atope, kenako ankanena motsitsa mawu kuti, "Komatu ndinathamanga bwino." Mayi ankangoti, "Munathamangira kuti?" Nkhani inkathera pomwepo.

Mayi anamwalira ndi matenda a mtima ine nditakwatiwa kale. Tinawatenga bambo kudzakhala nafe. Amuna anga amayendetsa basi, ndipo m'mawa uliwonse ankawatsitsa pafupi ndi masitepe aja. Maso awo anayamba kuchita ng'ala, loyamba lakumanzere, kenako lakumanja. Anapitiriza kusoka ndi zala, akupapasa msoko ngati munthu wosankha miyala mu mpunga. Ofuula aja anachepa. Tizipinda ta vidiyo tinatsekedwa, amene ankaidziwa filimuyo anakalamba, ndipo achinyamata ankawatchula kuti a Wachitatu poganiza kuti anali achitatu kubadwa kwawo. Ndinkaganiza kuti zatha.

Ine ndimagwira ntchito pamalo ochapira zovala, pakauntala yolandirira masuti ndi madiresi. Tsiku lina nthawi ya nkhomaliro, mnzanga wa kumbali yosita anali ataweramira foni yake, akuseka mpaka misozi. Ndili kupachika jekete ndinamva mawu a mwamuna akulira kuchokera mufonimo. Sindinawamvepo bambo akulira chiyambire, koma ndinawazindikira nthawi yomweyo. Jekete inagwa pansi.

"Asisi, bwerani mudzaone galu uyu," anatero mnzangayo. "Ati ndi filimu yakalekale. Anthu akale analinso ndi misala yawo."

Ndinamuuza kuti ndili ndi mutu. Ndinapita kuchimbudzi n'kukhala kumeneko mpaka belu la pakauntala litalira.

Wina anali ataiika filimu yonse pa intaneti. Pansi pake panali ndemanga zoposa mazana asanu ndi limodzi. Ndinawauza amuna anga ndipo tinagwirizana kuti bambo asadziwe. Koma amuna anga ndi munthu wopanda chifuwa, nkhani siigona mwa iwo. Lamlungu masana tikudya anangoti, "Apongozi, mwatchukatu masiku ano," kenako anadzigwira pakamwa.

Bambo anasamba m'manja, anapita kukakhala pampando wawo wa pawindo, n'kundiitana.

"Mama, bwera ndi foni yako. Undiwerengere zimene akunena."

Ndinakhala pansi pafupi ndi mwendo wawo n'kuyamba kusankha. Ndinawerenga ya munthu amene anati filimuyi imamukumbutsa malemu bambo ake amene ankaikonda. Ndinawerenga ya wina amene anati anthu akale ankayesetsa ngakhale analibe zipangizo. Pakati pa ziwirizo ndinadumpha ndemanga khumi ndi zinayi.

"Chala chako chikuyenda kwambiri kuposa pakamwa pako," anatero bambo. "Maso ndilibe, koma makutu alipo. Werenga zonse."

"Zina n'zachipongwe, ababa."

"Ndinazimva zili ndi mano. Panopa zakalamba ngati ine. Werenga."

Ndinawerenga. "Agalu okha ndi amene akudziwa kusewera mu filimuyi." "Ndaionera kasanu, nthiti zikundiwawa." "Mfutiyo mukatsegula mpopi ituluka madzi." "Filimu yoipa kwambiri imene ndaionapo, ndipo ndikuikonda ndi mtima wanga wonse." "Wachiwiri uja wafa kale koma akupumabe, taonani mimba." Apa bambo anaseka pang'ono, n'kunena kuti munthuyo anali kondakitala wa basi ndipo anali ndi chifuwa cha mphumu. Panali wina amene analemba nkhani yaitali yakuti filimuyi ikunena za ulova, ndi wina amene anamuyankha kuti asiye kudziyesa mphunzitsi, filimuyi ikunena za galu wodwala mwendo. Panali wina amene anati anaionera ali mwana ndipo anakhala mwezi wathunthu akuopa kudutsa m'mitengo ya bulugamu.

"Ameneyo ndiye anaionera bwino," anatero bambo.

Za iwo zinali zambiri. "Wachitatu apatsidwe mphoto ya kugwa konamizira." "Ndikachedwa kuntchito ndimauza abwana kuti mayo ine mwendo wanga." Ndinkawerenga, iwo manja ali pamaondo.

Kenako ndinafika pa ina imene inalibe woiyankha. Inati: "Ine ndimamanga pulasitala kuchipatala, chaka chino n'chakhumi ndi chisanu ndi chiwiri. Imitsani filimuyi pamene munthuyu ali m'dzenje, muyang'ane phazi lake lakumanja. Phazi la munthu siliyang'ana uko. Munthuyu sakusewera. Anathyokadi, ndipo wojambula anapitiriza kujambula. Kodi alipo amene akudziwa ngati anachira?"

Kunja wina ankakhoma msomali pakhoma.

"Werenganso imeneyo," anatero bambo.

Ndinawerenganso.

"Mayi ako akanaimva imeneyi," anatero. Anatembenukira kuwindo. Nditawafunsa ngati ndimuyankhe munthuyo, anati, "Umuuza chiyani? Kuti ndinachira? Msiye."

Koma amuna anga anamuyankha mwamseri, ndipo anatchula za masitepe aja. Patapita milungu iwiri kunabwera mtsikana wina wa magalasi, wa zaka ngati makumi atatu, waulemu kwambiri. Anati ali ndi gulu la anthu okonda mafilimu akale, amakumana Loweruka masana m'chipinda cha pamwamba pa laibulale, ndipo akufuna kuonetsa Nyama Yolankhula bambo ali pomwepo monga mlendo wolemekezeka. Ine ndinakana. Amuna anga, amene anayambitsa zonsezi, nawonso anakana. Bambo anati apita.

"Mukukafuna chiyani kumeneko, ababa? Akakusekani."

"Ndikudziwa. Ndikufuna ndikamve ngati kuseka kwake n'komwe kuja."

Chipindacho chinali ndi mipando yapulasitiki ngati makumi asanu ndi limodzi, ndipo yonse inadzaza. Mawindo anawatchinga ndi makatani okhuthala. Titalowa anthu anaimirira n'kuwomba m'manja. Ambiri anali oti akanakhala adzukulu awo. Anyamata atatu anavala malaya ojambulidwa galu akudzikanda khutu. Ndinathokoza kuti bambo sakuona. Anatikhazika kutsogolo n'kutipatsa madzi a m'botolo.

Anthuwo ankaidziwa filimuyo pamtima. Ankanena mawu a mwini butchala iye asanawanene. Utsi wa fakitale utaoneka anawombera m'manja. Ine ndinali nditakunga thupi kudikira dzenje lija, moti zimene zinabwera dzenjelo lisanafike zinandipeza ndisanakonzeke. Mwamuna wamtali, wovala malaya oyera ong'ambika paphewa, anatulukira pakati pa mitengo akuthamanga. Analumpha chipika osachiyang'ana. Anakhota, anatsetsereka, anadzuka, miyendo iwiri yofanana ikusinthana mofulumira moti kamera inkalephera kumusunga pakati. Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, ndipo ndinali ndisanawaonepo bambo anga akuthamanga, ngakhale kuyenda mowongoka. Ndinawagwira dzanja.

"Ndili pati?" ananong'ona.

"Mwangolumpha chipika."

"Eya. Kutsogoloko kuli kamtsinje."

Panalidi kamtsinje, ndipo anakalumpha. Kenako masamba aja, kugwa, kukamwa koyasama, galu. Chipinda chonse chinakuwa pamodzi, anthu makumi asanu ndi limodzi: "Mayo ine, mwendo wanga!" Anaseka, ena akupukuta misozi. Dzanja la bambo silinagwedezeke m'dzanja langa.

Filimu itatha anatsegula makatani, ndipo mtsikana wa magalasi anapempha anthu kuti anene maganizo awo. Mnyamata wina anati ubwino wa filimuyi ndi wakuti palibe chimene chinayenda bwino, ndipo zimenezi sungazipange mwadala. Mayi wina anati iye imamuopsabe, makamaka pamene anthu asanu aja akudya mosangalala osadziwa chimene chikubwera. Bambo wina wa imvi anati anaionera tsiku loyamba lenilenilo mu holo ya pasiteshoni, ndipo sanasekeponso choncho moyo wake wonse. Wina anati wojambulayo anali katswiri amene anabadwa nthawi yake isanakwane. Wina anati anali wakuba wamba. Anatsutsana kwa kanthawi, mosangalala, ngati anthu okambirana za mpira.

Kenako anapereka maikolofoni kwa bambo. Anawafunsa za agalu, anayankha. Anawafunsa za mfuti, anati anaisema okha ndipo paipiyo inabwezedwa kwa mwini wake. Anthu anaseka, bambo nawo anamwetulira. Ndiye mmodzi wa anyamata a malaya a galu aja anaimirira.

"Agogo, tikupempha chinthu chimodzi. Tatilirirani kamodzi kokha ngati mu filimu muja, tijambule."

Anthu anawomba m'manja, mafoni anakwera m'mwamba. Bambo anayandikitsa maikolofoni pakamwa.

"Ndingathe, mwana wanga. Koma pafunika dzenje ndi mwala. Mwendo wina ulipo uwu, mukhoza kuuthyola."

Ena anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Bambo anawerama, anakweza buluku mpaka pabondo, n'kutambasula mwendo uja. Unali woonda ngati mpini, wokhota pamwamba pa kakolo, ndi nsapato imene anaiwonjezera okha zidendene zitatu. Kuseka kunazima pang'onopang'ono kuyambira kutsogolo. Mafoni ena anatsika, ena sanatsike. Mtsikana wa magalasi anayamba kupepesa. Anati anawerenga ndemanga ija koma ankaganiza kuti ndi zokamba za pa intaneti.

"Musapepese, mayi," anatero bambo akutsitsa buluku. "N'zoseketsadi. Galu uja anandilanda mawu. Ngakhale ine ndikanakhala kumpando ndikanaseka."

Munthu wa imvi uja anatuluka osatsanzika. Pamapeto anatipatsa chithunzi cha filimuyo chili mu felemu, ndipo anthu angapo anabwera kudzawagwira chanza mwakachetechete. Mnyamata uja anali atavala juzi pamwamba pa malaya ake.

M'basi pobwerera bambo anakhala kuwindo, felemu ili pamiyendo. Titadutsa malo awiri oimapo basi ndinawafunsa.

"Ndiye mwamva, ababa? N'komwe kuja?"

"Ayi. Aja ankaseka munthu wopusa. Awa akuseka munthu wakufa." Anakonza felemu ija pamiyendo. "Bola aja."

Kanema wa mwendo wawo anaikidwanso pa intaneti tsiku lomwelo. Kunabwera ndemanga zina mazanamazana, zachisoni tsopano. Ena ankatukwana wojambula amene anali m'manda kale, ena ankati sadzasekanso, ena ankati adzasekabe koma mwaulemu. Anthu angapo analemba kuti apita kukawaona. Kwa milungu iwiri kumasitepe kunkabwera alendo odzajambulitsa nawo, opanda nsapato yoti isokedwe. Kenako kunachitika nkhani ina m'tauni ndipo anasiya kubwera. Bambo sanandipemphenso kuti ndiwawerengere. Felemu ija anaiika kuseri kwa kabati.

Nyengo yozizira ya chaka chimenecho anayamba kutsokomola. Anakana kusiya ntchito mpaka tsiku limene wometa tsitsi anandiimbira foni kuti wawapeza atatsamira khoma, nsapato ili m'manja, akulephera kupuma. Kuchipatala anati ndi chibayo. Anagonako masiku asanu ndi anayi. Ndinawaimbira achimwene tsiku lachiwiri, anati abwera ntchito ikalola. Bambo anafunsa za iwo kawiri, kenako anasiya. Tsiku lachisanu ndi chitatu anandiuza kuti pansi pa benchi pali nsapato za anthu, zina zatha, zina sizinathe, ndipo ndisalole kuti mwini nyumba azitaye. Anamwalira m'mawa mwake, namwino akusintha botolo la madzi.

Achimwene anafika titaika kale maliro. Anali atanenepa, imvi zili mbuu. Anakhala pabalaza tsiku lonse. Tsiku lachiwiri ndinawauza kuti ndikupita kukachotsa katundu kumasitepe, chifukwa mwini nyumba anali atalonjeza kale malowo kwa munthu wokonza mafoni. Anati andiperekeza.

Pansi pa benchi tinapeza mapeya khumi ndi anayi, lililonse lomangidwa pamodzi ndi chingwe. Panalibe mayina, bambo ankawadziwa eni ake ndi mawu. Nsapatozo tinazindandalika pabenchi n'kukhala pambali kudikira. Achimwene anakhala pampando wa bambo, maondo akugunda chitsulo chokhomerapo, mutu utatsala pang'ono kukhudza masitepe. Anthu ankakwera ndi kutsika pamwamba pathu, fumbi likutigwera m'tsitsi.

"Ankakhala muno tsiku lonse?" anafunsa.

"Kuyambira seveni mpaka faifi."

Anakweza maso n'kuyang'ana masitepe aja.

Tinakhalapo masiku atatu. Anabwera anthu asanu okha. Womaliza anali mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma ntchito, amene anatenga nsapato zakuda zachikopa. Imodzi inali itasokedwa, inayo singano inali ikadali m'kati, ulusi ukulendewera. Titamuuza za malirowo anakhala pabenchi, anaitembenuza nsapatoyo kangapo, n'kufunsa ngati tikudziwa wina wosoka bwino pafupi. Sitinkadziwa. Anazikulunga mu nyuzipepala, singano ili momwemo, anatipepesa, n'kupita.

Mapeya asanu ndi anayi otsalawo tinawaika m'katoni n'kusiya kwa wometa tsitsi. Achimwene ananyamula benchi, ine ndinanyamula nyundo ndi chitini cha guluu, ndipo tinapita kukadikira basi.